Mbiri ya Debian: Gulu Limene Silidathe Mwini Wake Atachoka

Nkhani imene ndakukonzerani lero ndi mbiri ya gulu lina la amisiri a makompyuta lotchedwa Debian. Ambiri mwa inu mwina simudalimvepo dzinali, komabe ntchito ya manja a anthu amenewa mudaigwiritsapo, pakuti makina ochuluka amene amasunga nkhani za pa intaneti, kuphatikizapo a Wikipedia, amayendera mapulogalamu ochokera kwa iwo. Tonsefe taonapo mabungwe, makalabu ndi magulu a chitukuko amene adayamba ndi moto, koma woyambitsa atangosamuka kapena kumwalira, zonse zidathera pomwepo. Gulu la Debian lidasiyidwa ndi woyambitsa wake lisadakwanitse zaka zitatu. Lilibe kampani imene ingati gululi ndi langa, amisiri ake salandira malipiro kuchokera ku gululo, ndipo akhala akukangana kwambiri pakati pawo. Koma ntchito yawo yapitirira kwa zaka zoposa 30. Tiyeni tione m'mene zimenezi zidathekera.

Tisadapite patali, ndi bwino tiyambe tamvana pa mawu. Kompyuta payokha ndi chitsulo chabe, imachita zokhazo zimene yauzidwa. Malangizo oiuza zochita ndiwo amatchedwa pulogalamu, ndipo amalembedwa ndi anthu, mzere ndi mzere, m'zilankhulo zapadera za umisiriwo. Zolemba zimenezi eni ake amazitcha source code. Makampani ambiri akamagulitsa pulogalamu amabisa zolembazo, kotero kuti wogula amangoigwiritsa ntchito, koma sangaone m'kati mwake kapena kukonza pamene palakwika. Ali ngati munthu wopatsidwa mankhwala ndi sing'anga amene wakana kutchula mtengo umene wakumbapo muzu: tsiku limene sing'angayo adzachoke, mankhwalawonso adzapita naye.

M'chaka cha 1983, Richard Stallman, katswiri wa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, adalengeza kuti akuyamba ntchito yotchedwa GNU, yolemba mapulogalamu amene munthu aliyense angakhale ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, wowawerenga, wowasintha ndi wogawirako anzake. Mu 1989 adatulutsa chilolezo chotchedwa GPL, chimene chimati munthu akasintha pulogalamu yotere nkuigawa, ayenera kupatsa olandirawo ufulu womwewo umene iye adaupeza. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki m'dziko la Finland, adalemba chigawo chimene chidali kusowa, ndicho mtima weniweni woyendetsa makinawo, chimene chidatchedwa Linux. Zipangizo tsopano zidalipo, koma zidali zobalalika, china apa china apo. Padafunika munthu wozisonkhanitsa ndi kuzilumikiza kuti wina aliyense athe kuziika pa kompyuta yake popanda kuvutika.

Amene adayamba kugwira ntchito yosonkhanitsayi adali anthu ogwira okha, ndipo zolakwika zinkachuluka kuposa m'mene munthu mmodzi akadathera kuzikonza. Ian Murdock, mnyamata wa zaka 20 amene ankaphunzira pa Purdue University m'chigawo cha Indiana, adatopa ndi zolakwika za gulu lina la mapulogalamu lotchedwa SLS. Pa 16 Ogasiti 1993 adalemba kalata ya pa intaneti yolengeza kuti akukonza lake, ndipo dzina adalipanga polumikiza dzina la bwenzi lake Debra ndi lake lomwe, Ian. Chatsopano m'maganizo a mnyamatayu chidali chakuti ntchitoyo igwiridwe poyera ndiponso igawidwe. Pulogalamu iliyonse imangidwe ngati phukusi palokha, ndipo phukusi lililonse likhale ndi munthu wolisamala, amene dzina lake likudziwika, woti ayankhe ngati china chalakwika. Makolo adati mutu umodzi susenza denga, ndipo a Murdock adagawa dengalo lisadawalemere. Bungwe la a Stallman la Free Software Foundation lidathandiza ntchitoyi ndi ndalama kwa chaka chimodzi, kuyambira Novembala 1994 mpaka Novembala 1995.

M'mwezi wa Malichi 1996 a Murdock adatula pansi utsogoleri nkusiyira Bruce Perens, amene ankagwira ntchito ku kampani yopanga mafilimu ya Pixar. Apa ndi pamene magulu ambiri amafera. A Perens adatenga mapulogalamu ofunika kwambiri, amene kufikira nthawi imeneyo adali m'manja mwa woyambitsa, nawagawira anthu ambiri. Mu Juni chaka chomwecho kudatuluka kope la 1.1 lokhala ndi maphukusi 474, ndipo adalitcha Buzz, potengera dzina la chidole cha m'filimu ya Toy Story. Mwambo wotcha makope mayina a zidole za m'filimuyo udakhazikika kuyambira pamenepo. Ngakhale chigawo chimene amayeseramo zinthu zatsopano chimatchedwa Sid, dzina la mwana wa m'filimumo amene ankaphwanya zidole, pochenjeza kuti m'menemo zinthu zikhoza kusweka nthawi iliyonse.

Chachikulu chimene a Perens adasiya chidali pangano lolembedwa. Mmodzi wa amisiri, Ean Schuessler, adapereka ganizo lakuti gululo lilembe poyera zimene likulonjeza kwa anthu ogwiritsa ntchito mapulogalamu ake. Atakambirana kwa mwezi wathunthu kudzera m'makalata, adavomereza chikalata chotchedwa Social Contract pa 5 Julayi 1997. Malonjezo ake ndi asanu. Debian adzakhala waufulu nthawi zonse. Zabwino zimene gululo lapanga kapena kukonza lidzazibwezera kwa eni mapulogalamu ndi kwa anthu onse. Silidzabisa mavuto ake, ndipo kaundula wa zolakwika adzakhala poyera kuti aliyense awerenge. Lidzaika patsogolo anthu ogwiritsa ntchito pamodzi ndi mapulogalamu aufulu. Lachisanu nlakuti mapulogalamu amene sali aufulu kwenikweni, koma anthu akuwafuna, adzasungidwa padera. Pamodzi ndi panganolo adalembanso mfundo khumi zoyezera ngati pulogalamu ili yaufulu kapena ayi, ndipo mfundo zomwezo ndizo zidasandulika tanthauzo la mawu oti open source pamene mawuwa adayamba kumveka mu 1998. Phindu la pangano lotere nlakuti mlendo wofika lero amadziwa chimene akulowa, ndipo mtsogoleri wa mawa sangakhotetse gululo monga afunira mwini.

Pangano limanena kumene gulu likupita, koma silinena amene adzagamule anthu akasemphana. Ian Jackson, wa ku Britain, amene adatsogolera gululi mu 1998, adalemba malamulo oyendetsera gulu, ndipo mamembala adawavomereza mu Disembala chaka chomwecho. Malinga ndi malamulowa, mtsogoleri amasankhidwa ndi mamembala chaka ndi chaka, ndipo mphamvu zake ndi zochepa: amalankhulira gulu, amagawa maudindo, amavomereza kagwiritsidwe ka ndalama, koma sangalamule mmisiri m'mene akonzere phukusi lake. Amisiri awiri akalephera kumvana pa zaumisiri, mlandu umapita ku komiti ya anthu osapitirira asanu ndi atatu. Pamwamba pa onse pali mamembala eni ake, amene angathe kugwetsa chigamulo cha mtsogoleri kapena cha komitiyo mwa voti. Kuti panganolo lisinthidwe pamafunika mavoti atatu ovomereza pa voti imodzi iliyonse yokana. Kavotedwe kawonso nkachilendo kwa ife: munthu sasankha chinthu chimodzi, koma amandandalika zonse, kuyambira chimene wachikonda kwambiri mpaka chimene sachifuna, ndipo chopambana ndi chimene chagonjetsa chilichonse cha zinzake pozifanizira ziwiriziwiri. Motero maganizo a pakati, amene ambiri angathe kukhala nawo mwamtendere, amapeza mwayi. Koyambirira kwa malamulowa kulinso mfundo imene imasonyeza kuti olembawo ankawadziwa anthu awo: palibe amene angakakamizidwe kugwira ntchito imene saifuna, komanso palibe wololedwa kusokoneza zimene gulu lagamula.

Vuto lotsatira lidali la alendo. Phukusi la Debian likaikidwa pa kompyuta limakhala ndi mphamvu zonse pa makinawo, kotero kulandira munthu kukhala mmisiri wa gululo kuli ngati kumpatsa kiyi wa nyumba za anthu miyandamiyanda. Mu 1999 ofuna kulowa adachuluka kuposa m'mene owayesa akadathera, ndipo khomo lidatsekedwa kwa miyezi ingapo. Litatsegulidwanso mu 2000, padali njira yolongosoka. Wofuna kulowa ayenera kuyamba waonetsa ntchito yake, apeze membala womuikira umboni, ndipo ayankhe mafunso okhudza pangano la gulu ndi luso la ntchitoyo. Mmisiri aliyense ali ndi chidindo chake cha pa kompyuta chosainira ntchito yake, ndipo mwambo udali wakuti chidindocho chitsimikizidwe ndi mamembala akale amene akumana naye maso ndi maso naona zitupa zake. Njirayi inkatenga nthawi yaitali ndipo ambiri ankadandaula, motero mu 2007 adakhazikitsa udindo wocheperapo wolola munthu kusamala maphukusi ake asadakhale membala wathunthu. Mu 2010 adavomerezanso kuti omasulira m'zilankhulo zina, olemba mabuku a malangizo ndi okonza misonkhano akhoza kukhala mamembala ovota ngakhale salemba mapulogalamu. Msonkhano wa pachaka wotchedwa DebConf udayambika mu 2000 ku Bordeaux m'dziko la France, kuti anthu amene chaka chonse amangolemberana makalata adye pamodzi ndi kudziwana nkhope.

Tsono musaganize kuti malamulo abwino adabweretsa mtendere wokhawokha. Kope lotchedwa Woody lidatuluka mu Julayi 2002, koma lotsatira lake, Sarge, lidachedwa mpaka Juni 2005, ndipo anthu adayamba kunena kuti gulu la anthu odzipereka silingasunge nthawi. M'nyengo yomweyo, mu Okutobala 2004, Mark Shuttleworth, munthu wachuma wa ku South Africa amene adakhalapo mmisiri wa Debian, adatulutsa Ubuntu, womangidwa pa maphukusi a Debian koma wotuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo adalemba ntchito ena mwa amisiri a gululo. Dzinali ndi mawu a abale athu a kumwera ofanana ndi umunthu m'chilankhulo chathu. Pofuna kuti kope lotsatira lisachedwenso, anthu ena, pamodzi ndi mtsogoleri wa nthawiyo Anthony Towns, adakonza mu 2006 thumba lotchedwa Dunc-Tank lolipira anthu awiri oyang'anira katulutsidwe ka kopelo, aliyense kwa mwezi umodzi. Ganizoli lidakwiyitsa ambiri. Adafunsa kuti nchifukwa ninji awiri alandire ndalama pamene mazana akugwira ntchito yomweyo usiku ndi Loweruka popanda kanthu. Ena adachepetsa dala ntchito yawo, ena adaitanitsa voti yochotsa mtsogoleriyo. Votiyo idalephera, koma kope la Etch, limene lidayenera kutuluka mu Disembala 2006, lidatuluka mu Epulo 2007. Anthu adaphunzirapo kuti m'gulu la odzipereka ndalama zikalowa mosalongosoka zimasanduka muyeso wa ulemu, ndipo osalipidwawo amadziona ngati achepetsedwa.

Lonjezo losabisa mavuto lidayesedwa kwambiri mu 2008. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, wosamala phukusi la OpenSSL, pulogalamu yopanga makiyi achinsinsi otetezera mauthenga, adachotsamo mizere ina imene chida choyesera chinkaidandaula. Adafunsa kwa eni pulogalamuyo asadatero, koma funso ndi yankho sizidamveke bwino mbali zonse ziwiri. Zotsatira zake zidali zoopsa: m'malo mwa makiyi osawerengeka, makina ankatha kupanga makiyi pafupifupi 32,000 okha a mtundu uliwonse, amene mbala ikadatha kuwayesa onse m'kanthawi kochepa. Luciano Bello, mmisiri wa Debian wa ku Argentina, ndiye adatulukira vutoli, ndipo mu Meyi 2008 gululo lidalengeza poyera kulakwa kwake, nilitulutsa zida zothandiza anthu kuzindikira makiyi ofooka. Manyazi adalipo aakulu, koma anthu ambiri adapitiriza kulikhulupirira gululo, popeza adaona kuti limaulula lokha pamene lalakwa.

Mkangano waukulu kuposa yonse udabuka kumapeto kwa 2013. Nkhani yake idali ya pulogalamu imene imayamba kudzuka kompyuta ikayatsidwa, nidzutsa zina zonse. Yakale idali itakalamba, ndipo padali ziwiri zatsopano zolimbirana malowo, systemd ndi Upstart. Kwa munthu wamba nkhaniyi ikuoneka yaing'ono, koma kwa amisiriwo idakhudza m'mene adagwirira ntchito moyo wawo wonse. Komiti ya zaumisiri itakambirana kwa miyezi itatu, mu Febuluwale 2014 mavoti adafanana, anayi uku anayi uku, ndipo wapampando Bdale Garbee adagwiritsa ntchito voti yake yodulira mlandu posankha systemd. Malamulo adatsatidwa onse, koma mitima siidakhale pansi. Makalata achipongwe adachuluka, ena ochokera kwa anthu amene sadali ngakhale mamembala. Mu Novembala 2014 mamembala onse adavota pa ganizo la a Jackson lofuna kuletsa maphukusi kudalira systemd yekha, ndipo ambiri adati lamulo lotero nlosafunika. M'mwezi womwewo Joey Hess, amene adatumikira gululi zaka 18 nalemba zida zimene amisiri onse ankagwiritsa ntchito, adachoka. Mamembala atatu a komitiyo, Colin Watson, Russ Allbery ndi a Jackson omwe, adatula pansi maudindo awo m'komitimo. Anthu ena osakhutira adatenga maphukusi a Debian nakayamba gulu lawo lotchedwa Devuan, limene lidatulutsa kope lake loyamba mu 2017.

Kupatukana kotere kumafanana ndi zimene zinkachitika m'midzi ya makolo athu, pamene banja losagwirizana ndi mfumu linkasamuka kukamanga mudzi wina kutsidya kwa mtsinje, osatentha mudzi wakalewo. Chilolezo chaufulu chimalola wochoka kutenga zolemba zonse popanda kulanda kanthu kwa otsala. Otsalawo nawonso adakonza zina. Mu Epulo 2014, mkangano uli m'kati, adavomereza malamulo a khalidwe, olamula kulemekezana, kuganizira mnzako zabwino ndi kulankhula mwachidule, ndipo opitiriza chipongwe angathe kuchotsedwa pa bwalo la zokambirana. Mu Januwale 2015 adaika malire a zaka zimene munthu angakhale m'komiti ya zaumisiri. Zidawatengera zaka 20 kuti avomereze kuti mmisiri waluso koma wamwano amathamangitsa anthu ambiri kuposa ntchito imene iye amagwira.

Pali chiopsezo china chimene voti singachithetse, ndicho kutopa kwa munthu wogwira yekha. Debian ali ndi mwambo wabwino pa zimenezi. Munthu akalephera kusamala phukusi lake amalengeza poyera kuti phukusilo latsala lamasiye, ndipo wina amalitenga nkulilera. Mawu awiriwa, umasiye ndi kulera, ndi amene eni ake amagwiritsa ntchito m'Chingerezi. Pali kagulu kofufuza amisiri amene angokhala chete, ndipo maphukusi ambiri adayamba kusamalidwa ndi timagulu m'malo mwa munthu mmodzi. Koma mapulogalamu ochuluka amene Debian amasonkhanitsa amalembedwa kunja kwa gululo, ndipo ena mwa iwo ali pa phewa la munthu mmodzi. Chitsanzo ndi xz, kapulogalamu kochepetsa kukula kwa mafayilo, kamene kwa zaka zambiri kankasamalidwa ndi munthu mmodzi wa ku Finland popanda malipiro. Munthuyu adatopa, ndipo padali wina wodzitcha Jia Tan, amene adathandiza ngati wokhulupirika mpaka adapatsidwa mphamvu pa pulogalamuyo, kenaka nkubisamo khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a anthu. Pa 29 Malichi 2024 Andres Freund, mmisiri amene ankayesa zinthu zina pa Sid, adalengeza za chiwembuchi. Chimodzi mwa zimene adaona nchakuti kulowa m'makina ake kunkachedwa ndi theka la sekondi. Chiwembucho chidagwidwa chisadafike m'kope lokhazikika limene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, popeza phukusi latsopano limayamba layesedwa m'zigawo ziwiri lisadafike kumeneko. Komabe wachiwembuyo adapeza mpata pa chifukwa chimodzi: dziko lonse linkadalira ntchito ya munthu amene padalibe womulandira katundu.

A Murdock adamwalira mu Disembala 2015 ali ndi zaka 42, patatha zaka pafupifupi 20 chisiyireni utsogoleri. Miyezi ingapo pambuyo pake, mu Julayi 2016, msonkhano wa DebConf udachitika koyamba mu Africa, mu mzinda wa Cape Town, ndipo kuyambira 2020 mpaka 2024 gululi lidatsogoleredwa ndi Jonathan Carter wa ku South Africa, amene adasankhidwa kanayi motsatizana. Mu Ogasiti 2025 kudatuluka kope la 13, lotchedwa Trixie, lokhala ndi maphukusi oposa 60,000, ntchito ya mamembala pafupifupi 1,000 ndi othandiza ena ambiri a m'maiko osiyanasiyana.

Anzanga omvera, mukaiona mbiri yonseyi mupeza kuti lamulo lililonse la gululi lidabadwa pambuyo pa vuto. Woyambitsa atachoka adalemba pangano ndi malamulo, alendo atachuluka adakonza khomo lolowera, atapwetekana ndi mawu adaika malamulo a khalidwe, ndipo atatopa adaphunzira kusiyirana katundu popanda manyazi. Ngati muli m'gulu lililonse la anthu odzipereka, kaya ndi la makompyuta, la ulimi kapena la mpingo, dzifunseni usiku uno kuti amene amasunga mabuku ndi makiyi a gululo atapanda kubwera mawa, ndani angapitirize ntchito yake, ndiponso ngati munthuyo adafunsidwapo kuti watopa kapena ayi.